Mayi Amene Ankawerenga Mtsinje wa Katete

A Iness Kamwaza, amene anzawo a ku chigwirizano ankangowaitana kuti a Nankhoma, anabadwira m'mudzi wina wa kumpoto kwa Mvera, kumene mapiri a Dowa amayamba kukwera kulowera ku Ntchisi. Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 5, ndipo pa samu panalibe wowaposa, ngakhale mwa anyamata. Chaka chotsatira mayi awo anatupa mwendo, pakhomo n'kusowa wotunga madzi ndi wosinja. Sukulu inathera pomwepo. Mu 1962 anakwatiwa ndi a Solomoni Kamwaza a kwa Msakambewa, amene anabwera kudzakhala chikamwini. Anabereka ana anayi, awiri n'kumwalira akadali kumsana. Anatsala Monika ndi Elia.

Kumunsi kwa mudziwo kumadutsa mtsinje wa Katete. M'chilimwe mbuzi zimaudumpha osanyowa, koma m'dzinja umakokolola ng'ombe. Mu 1967 kunabwera anthu a ku ofesi ina yoyeza mitsinje, nazika m'mphepete mwake chitsulo chachitali choyera, cholembedwa manambala akuda oyezera kuya kwa madzi m'mafiti, ngati lula ya kusukulu. Anati dzina lake ndi geji. Ankafuna munthu wodziwa kulemba woti aziona pamene madzi afika pa chitsulocho, m'mawa dzuwa likamatuluka ndi madzulo lisanalowe, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe, n'kulemba m'buku. Mwezi ukatha, tsamba lapamwamba linkang'ambidwa n'kukaponyedwa ku positi, lapansi la kaboni n'kutsala. Akuluampingo anatchula a Solomoni, poti ndiwo ankalemba mayina a m'kalasi la ubatizo.

A Solomoni anaigwira ntchitoyo miyezi itatu. Kuchokera kunyumba kukafika pa geji ndi chitsikira cha miyala yoterera, ndipo pobwerera munthu amapuma kawiri. Tsiku lina m'mawa, mvula ikuwaza, anangotembenuka pamphasa n'kunena kuti, "Amake Monika, poti mukupita kale kumadzi, mukandionereko pamene afika."

Kuyambira tsiku limenelo geji inakhala ya a Iness. Buku sankapita nalo kumtsinje poopa kulinyowetsa. Ankanyamula khala limodzi, n'kulemba nambala pambali pa ndowa, n'kukaikopera m'buku akafika kunyumba. Mu 1971 a Solomoni ananyamuka kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo mawu awo otsanzikira anali a geji yomweyo. "Muzingolemba dzina langa pansi. Akamva kuti ndachoka, aipereka kwa wina." A Iness anaphunzira kulemba dzina la amuna awo mofanana ndi eni ake, ndi kamchira komwe pa chilembo chomaliza. A Solomoni anabwerako patapita zaka zinayi ali ndi wailesi, mabulangete awiri ndi chifuwa chosatha. Chitsikira cha kumtsinje sanachipondenso.

Zinali zaka zimene fodya wa chikopa anagwira msika, ndipo fodya ameneyu amadya nkhuni. Mitengo ya m'mapiri inapita m'mabalani, ndipo dothi linayamba kutsikira mu Katete. A Iness anaona mchenga ukukwera pa geji chaka ndi chaka, mpaka nambala yoyamba inakwiririka. Kumapeto kwa tsamba lililonse kunali kadanga ka ndemanga, ndiye ankalembamo m'Chichewa: "Mchenga wakwera kufika pa wani." "Madzi achepa koma nambala siinatsike." Yankho silinabwerepo. Chimene chinkabwera chinali buku latsopano lakale likatha.

Mu Febuluwale wa 1978 amayi onse a m'deralo anaitanidwa kupita ku boma kukakonzekera magule a msonkhano waukulu wa chipani. Anati akakhala masiku anayi. A Iness anayesa kulankhula ndi amayi apampando.

"Nanga geji aziona ndani, mayi?"

"Geji ili m'dzina la amuna anu, a Nankhoma. Kapena pali chifukwa china chimene simukufunira kupita?"

A Iness anamanga nsalu yawo n'kukakwera lole kumsewu waukulu.

Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Pobwerera anapeza madimba atasanduka bwalo la mchenga. Madzi anali atapitirira nsonga ya geji, n'kusiya mapesi ndi bango m'nthambi za mtengo wa katope, pamwamba poti iwo sakanafikira ngakhale atakweza dzanja. Kuseri kwa bango mtsinje unali utadzikumbira njira ina yatsopano, yodutsa kutali ndi chitsulo chija. Atafika kunyumba anatsegula buku, n'kupeza masiku anayi aja atalembedwa kale ndi inki: mafiti asanu, asanu ndi theka, asanu.

"Manambala awa mwawatenga kuti, abambo a Monika?"

"M'mutu."

"Madzi anapitirira khumi. Geji yonse inamira."

"Ndiye mumati ndisiye popanda kanthu?" A Solomoni anakhosomola kanthawi. "Akafunsa kuti panalibe woona chifukwa chiyani, tiyankha kuti chiyani? Kuti magule anatilepheretsa ntchito? Kapena mukanene nokha kuti zaka zonsezi wolemba si ine?"

A Iness anatseka bukulo. Mwezi utatha anang'amba tsamba lija momwe linaliri n'kukaliponya. M'kadanga ka ndemanga analembamo zokhazi: "Madzi ena akudutsa kuseri kwa bango."

Panapita zaka zitatu. Mu Okutobala wa 1981, kukutentha, pabwalo la tchalitchi panaima galimoto, n'kutsika mnyamata wamkulu ndithu wovala kabudula wa khaki, dzina lake Benjamini Mtambalika. Anali injiniya wongotuluka kumene sukulu. A ku ofesi anamutuma kudzakonza mapulani a kalavati, kamlatho ka mapaipi, pa Katete, kuti malole azifika kumidzi ya tsidya lino kudzanyamula fodya ndi mtedza. Anafunsa nyumba ya woyang'anira geji, anthu n'kumulondolera kwa a Solomoni.

Atapatsidwa mpando pakhonde, anatulutsa mulu wa masamba aja. "Bambo, ndawerenga zonse zimene mwakhala mukutumiza. Zaka khumi ndi zinayi, popanda tsiku lodumpha. Ndi ochepa amene amatero. Koma apa mwalemba kuti madzi ena akudutsa kuseri kwa bango. Ndi ochuluka bwanji?"

"Aa, ndi ochulukirapo ndithu."

"Theka? Kapena osafika?"

A Solomoni anayang'ana pansi, kenaka kumbali. Potsiriza anaitana, "Amake Monika! Tabwerani kuno."

A Iness anabwera nakhala pansi pambali pa nsanamira. Atamva funsolo anati, "M'chilimwe chonchi kulibe kanthu. Geji ikafika pa folo, madzi amayamba kulowa kuseriko. Ikafika pa sikisi, kuseri kumadutsa ochuluka kuposa kutsogolo."

Benjamini anayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana bambowo, n'kuyang'ananso dzina lolembedwa pansi pa tsamba. Anangoti, "Mayi, mungandiperekeze kumtsinje?"

Anatsikira limodzi. Benjamini anavula nsapato, nalowa m'madzi atanyamula ndodo yachitsulo yokhala ndi timapiko tozungulira kumapeto, yoyezera liwiro la madzi. Anakoka chingwe kuchokera gombe lino kukafika linalo, nayeza kuya kwake malo asanu ndi atatu. Atatha anakhala pamwala n'kuyamba kulemba samu. A Iness, amene sanaonepo munthu aliyense akugwiritsa ntchito manambala awo, anasendera pafupi.

"Pepani, bambo. Nambala yanga ija imalowa pati?"

Benjamini anawaonetsa ndi nsonga ya pensulo. "Apa. Nambala yanu imandiuza kuya kwa madzi. Ndikadziwa kuya kwake, kukula kwa khwawa ndi kutsetsereka kwake, samu iyi imandiuza kuchuluka kwa madzi odutsa. Ndikatenga tsiku limene madzi anakwera koposa masiku onse, ndimadziwa kukula kwa mapaipi ofunika pansi pa msewu."

"Mzere umodzi wokhawo?"

Mnyamatayo anaseka pang'ono. "Samu yeniyeni ya kayendedwe ka madzi ilipo, mayi. Kusukulu anatilembera pabolodi. Imanena za dontho lililonse, kumene likupita, chimene chikulikankha, ndi mmene likukhudzirana ndi linzake. Koma palibe munthu amene angaimalize pa mtsinje ngati uno, ngakhale atakhala nayo moyo wake wonse. Ndiye timaidula. Timayamba ndi kunena kuti tiyerekeze."

"Tiyerekeze chiyani?"

"Tiyerekeze kuti mtsinje ndi wowongoka, ndipo kukula kwake n'kofanana kumtunda ndi kumunsi. Tiyerekeze kuti madzi sakukwera kapena kutsika pamene tikuyeza. Tiyerekeze kuti pansi pake sipasintha. Kuti madzi onse amadutsa pano pa geji. Kuti ndi madzi okhaokha, mulibe matope, mulibe mitengo."

A Iness anawerenga pa zala. "Zisanu. Pa zisanuzo palibe ngakhale chimodzi chimene Katete amachita."

"Ndikudziwa."

"Pamene mwakhalapo ndi pa mpindo. Mchenga wakwera kuposa mkono wanga chibwerereni chitsulochi. Ndipo mtsinje uno ukadzaza suchedwa. Ndimatha kuona pa fili ndikutunga, pofika pa katope apo ndikacheuka n'kupeza pa faifi. Nanga madzi a m'dzinja mwawaona? Ndi phala. Amabwera ndi zitsa."

"Pa mitsinje yambiri zimenezi zimalakwika pang'ono chabe, ndiye timaonjezerapo kena kake pa yankho kuti tikwirire. Popanda kuyerekeza ndilibe nambala, mayi. Ndipo abwana akufuna nambala Lachisanu."

Ananena zimenezi motopa, osati mwamwano, ndipo mwina n'chifukwa chake a Iness analimba mtima. Anayang'ana kunjira ngati kukubwera munthu, n'kunena motsitsa mawu, "Tabwerani muone."

Anamutengera pa katope uja. M'mphanda ya nthambi munali mukadali bango louma, lopiringizana ndi mizu. Anamufotokozera za masiku anayi aja, za lole, za inki. Benjamini anaimika ndodo yake pamtengopo, nayeza, nachita samu ina pambali pa tsamba. Kenaka anatseka buku.

"Madzi amenewa ndi pafupifupi katatu kuposa a m'mabuku mwanu."

"Ndiye mukalemba?"

"Ndikalemba kuti ndaona chizindikiro pamtengo. Chifukwa chimene m'buku mulibe, chimenecho sindingalembe. Inunso musauzenso wina."

Anakwera chitunda kubwerera kumudzi. A Iness anapumira pamalo awo a masiku onse, mnyamatayo n'kuima nawo, thukuta lili kamukamu.

Benjamini anapempha mapaipi anayi akuluakulu. Ku ofesi anamuyankha kuti zaka khumi ndi zinayi za manambala sizingagonje kwa zinyalala za mumtengo, ndipo anamupatsa awiri. Kalavati inamangidwa m'chilimwe cha 1982. Anthu a m'mudzi anaphwanya miyala ndi kututa mchenga, a Iness ali momwemo. Benjamini ankabwera sabata iliyonse, ndipo anachita zimene akanatha: anakulitsa makoma a m'mbali, nathira miyala yambiri pa njira ya kuseri kwa bango kuti aitseke. Tsiku lotsegulira kunabwera alendo, amayi anavina, lole yoyamba inawoloka anthu akululutira.

Dzinja loyamba kalavati inapirira. Lachiwiri, mu Januwale wa 1984, kunagwa mvula yamphamvu kumapiri chakumasana. A Iness anatsika madzulo monga mwa nthawi zonse, napeza chitsa chachikulu cha mtengo wa msuku chitatseka pakamwa pa paipi imodzi. Madzi anali atabwerera m'mbuyo n'kupanga dziwe lofiira lofika m'madimba. Anaima pamtunda ndi amayi ena awiri, n'kuona madzi akukwera pamsewu, akuyamba kudya dothi la m'mbali pang'onopang'ono, mpaka khoma linapendekeka n'kugwa. Sipanamveke phokoso lalikulu. Panalibe munthu pamsewupo. A Iness anawerenga geji, nalemba pa ndowa, natunga madzi a matope omwewo n'kukwera.

Patapita milungu itatu kunabwera amuna awiri a ku ofesi, limodzi ndi apampando a chipani a m'deralo. Benjamini anali nawo, koma anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili pabondo. Mmodzi wa alendowo anayala masamba a Febuluwale wa 1978 pambali pa pepala lina la mvula imene inayezedwa ku mishoni masiku omwewo.

"Bambo Kamwaza, mvula yochuluka chonchi, mtsinje n'kungofika mafiti asanu? Munapitadi kumtsinje masiku amenewa?"

A Iness anali atabweretsa madzi akumwa, n'kukhala pansi chapatali.

"Sindinapite, bwana," anatero a Solomoni. "Chifuwa chinandigwira. Ndinalemba ndili pakhomo pano. Ndinalakwa."

"Masiku anayi okhawo?"

"Okhawo, bwana."

Apampando ananena mawu ambiri okhudza ulesi ndi anthu obwezera chitukuko m'mbuyo. A Solomoni anawerama mpaka mawuwo anatha. Mlendo wamkulu uja, amene ankaoneka kuti akufuna kubwerera mvula isanayambe, anati nkhaniyo ithere pomwepo poti mwini wake wavomera ndipo ndi wodwala, koma geji ya Katete aitseka. Anapempha mabuku onse, a kaboni omwe. A Iness analowa m'nyumba, nawatulutsa mu sutikesi ya ku Joni, mabuku khumi ndi asanu ndi awiri, n'kuwapereka ndi manja awiri atagwada. Palibe amene anawafunsa kanthu. Popita kukakwera galimoto tsidya lina, Benjamini anatsalira pang'ono, n'kunena osawayang'ana, "Anditumiza kuchigwa, kumunsi kwenikweni. Tsalani bwino, mayi." Sanaonanenso.

A Iness ankaganiza kuti alira, koma sanalire. M'mawa mwake anadzuka dzuwa litakwera, koyamba m'zaka zambiri, ndipo anakhala pamphasa akusisita mawondo. Madzi anafunikabe pakhomo, ndiye anatsikabe chitsikira chomwecho, kungoti tsopano kamodzi patsiku. Ndi a Solomoni sanakambiranepo za tsiku la alendolo. Kamodzi kokha, akusenda chimanga, bamboyo ananena kuti, "Bola zinagwera ine." A Iness anayankha kuti, "Eya," napitiriza kusenda. Sanadziwe ngati ayenera kuthokoza kapena kukwiya, ndipo mphamvu zoti aganizire bwino analibe.

Kalavati siinamangidwenso nthawi imeneyo. Paipi imodzi inatsalira mumchenga kumunsi, ndipo fodya anabwerera pamitu ndi pa ngolo zodikira chilimwe.

Mu Malichi wa 1986 a Solomoni anayamba kulavula magazi. Achibale anamanga machira kuti apite nawo kumsewu waukulu, tsidya linalo, kumene akanapeza galimoto yopita kuchipatala. Atafika pa dooko chakum'mawa anapeza Katete atadzaza. Amuna asanu ndi mmodzi anaika machira pansi pa mtengo n'kuyamba kukangana. Agustino, mlongo wawo wa a Iness, ankati awoloke pomwepo atagwirana manja. Ena ankati abwerere kumudzi akadikire mawa.

"Alongo," anatero Agustino potsiriza, "inu mukuti bwanji?"

A Iness anayang'ana kumapiri, kumene mitambo inali itayamba kuyera. Anatsikira m'mphepete, nazika kamtengo pamene madzi alekezera, natapa madzi m'manja n'kuona mtundu wake. Anadikira kanthawi, nayang'ananso kamtengo kaja.

"Ayamba kutsika. Pano sitingawoloke, pansi pakumbika. Tidikire mpaka dzuwa lipendeke, ndiye tikawolokere kumtunda uko pamene pali miyala. Madzi akafika m'chiuno, osapitirira."

Anakhala pansi pamenepo tsiku lonse, akuthamangitsa ntchentche pankhope pa amuna awo ndi tsamba la nthochi. Dzuwa litapendeka anawoloka, madzi akulekeza m'chiuno. A Solomoni anafika kuchipatala, nakhala masiku khumi ndi limodzi, n'kumwalira. Maliro awo anapita kwawo kwa Msakambewa, monga anapempha abale awo.

A Iness analimanso zaka ziwiri okha, mawondo n'kukana. Monika, amene anakwatiwa ndi telala ku Mponela, anabwera kudzawatenga. Kumeneko ankakhala pakhonde la shopu ya mkamwini wawoyo, akukazinga mtedza ndi kusoka mabatani pa mayunifolomu a ana asukulu. Ankadandaula za fumbi la malole ndi kuwawa kwa msana, ndipo masana ambiri ankawodzera singano ili m'manja. Anamwalira mu Juni wa 1992, kukuzizira, atangodwala masiku atatu.